Ndinamupitiriza pa Siteji Yake

Ine ndi munthu wa pamsewu. Ndayendetsa basi mpaka imvi zandimerera pachiwongolero, ndipo usiku ndakumana nazo zambiri: oledzera ogona pakati pa msewu, ng'ombe zotulukira mumdima, akuba oyala miyala. Mizukwa yokha ayi. Anzanga ku depoti akayamba nkhani zimenezo ndinkawauza kuti ndi tulo chabe, akagone. Ndiye mukandimva ndikufotokoza izi, musandiyese wamantha kapena wankhambakamwa.

Mkazi wanga anamwalira chaka chathachi. Ndinkawatchula kuti Akondakitala, chifukwa tikakwera kagalimoto kathu ankakhala mpando wa pambali panga, pakamwa osatseka. Chepetsani liwiro, mwaliona dzenjelo, njira si imeneyi, mukufuna kutipha kodi. Munthu wosadziwa ndi pamene pali buleki pomwe, koma kulangiza dalaivala wa zaka zonsezi! Ndinkadandaula tsiku ndi tsiku. Atapita m'pamene ndinadziwa kuti chete amapweteka. Kagalimoto kaja ndinakagulitsa, chifukwa mpando wopanda munthu uja unkandidwalitsa mtima.

Mwana wanga wamkazi ndi nesi kudziko lina lakutali. Ataona kuti ndikungoonda, ananditumizira tikiti ya ndege kuti ndikakhale naye pang'ono. Anachita bwino, sindikana. Koma nyumba yawo ili m'mwamba mwenimweni mwa chinyumba chosanja, iye amalawirira ku chipatala, mkamwini naye ku ntchito, ine n'kumangotsala ngati katundu woiwalika pa siteji. Tsiku lina anandipezerera kukhitchini ndikuyankhula ndi amayi ake. Usiku ndinamumva akunong'onezana ndi mwamuna wake.

Ndinamuuza kuti ndikufuna kubwereka galimoto ndikazungulire m'midzi, ndione mmene anthu akumeneko amalimira ndi mmene amamangira makola awo. Poyamba anakana. Anati misewu sindikuidziwa, chiyankhulo sindikuchimva, ndiponso amayenda mbali ina ya msewu. Ndinamukumbutsa kuti fizi yake yonse inachokera pachiwongolero. Anaseka, n'kugonja.

Kumalo obwereketsa magalimoto, mtsikana wa pakauntala anaona laisensi yanga, kenaka anatizungulitsa kagalimoto kotuwa n'kumatilozera pamene panakalika. Anafunsa, kudzera mwa mwana wanga, ngati pali wina amene ndidzayende naye. Ndinati ndili ndekha. Kagalimoto kake kanali kosintha magiya kokha, ndipo kolongolola kwabasi. Ukasiya chitseko, kulira. Ukayandikira khoma, kulira. Ndinati m'mtima, chabwino, ndapeza woyankhula naye.

Masiku oyamba anandikomera. Ndinkadutsa m'minda yaikulu yongolimidwa kumene, ndikuima kuona mathirakitala, kuwerama pa mipanda kuyang'ana nkhosa zonenepa mochititsa nsanje. Pa tisitolo ta m'midzi ndinkangoloza chimene ndikufuna, tonse n'kuseka. Madzulo ndinkabwerera ku kanyumba kogona alendo ka mayi wina wamasiye, wonenepa, wa magalasi a chingwe. Koma ndikaona chinthu chokongola, khosi linkatembenuka lokha kuti ndiuze Akondakitala, n'kupeza mpando uli mbee.

Madzulo a tsiku lina ndinapita kutali kuposa mmene ndinkafunira. Pobwerera dzuwa linali litalowa, chifunga chikukwera kuchokera m'minda. Kunazizira. Msewu unali waung'ono, wa mitengo mbali zonse, wopanda galimoto ina iliyonse. Nditakhota pena, nyali zinagwera pa kasiteji ka basi, kakale, ka denga lopindika. Pansi pake panaima mayi. Anavala chikhoti chachitali, mpango kumutu, chikwama atachigwira ndi manja onse awiri. Ankayang'ana kumene basi imachokera.

Phazi linapita lokha pa buleki. Munthu amene wayendetsa basi moyo wake wonse sangadutse mayi ataima pa siteji kukuda, sizitheka. Ndinaima, ndinatambasula dzanja, n'kumukankhira chitseko cha kutsogolo.

Panalibe munthu.

Ndinayang'ana pa galasi. Ndinatuluka, n'kuzungulira kasiteji kaja. Panali benchi yowola ndi udzu wonyowa basi. Ndinadziuza mawu omwe aja ndinkauza anzanga, kuti ndi tulo. Ndinatseka chitseko, ndinakhala pansi, ndinamanga lamba wanga, n'kunyamuka.

Nthawi yomweyo galimoto inayamba kulira. Ti, ti, ti. Kutsogolo kwa chiwongolero kunayaka kachithunzi kofiira ka munthu womanga lamba, kakuloza mpando wa pambali panga. Ndimadziwa kuti magalimoto a masiku ano amamva kulemera, ukaika thumba pampando amayesa ndi munthu. Ndinapapasa. Panalibe thumba, panalibe ngakhale nyuzipepala. Kulira kunakulirakulira.

Ndiye ndinachita zimene dalaivala aliyense amachita galimoto ikamamusokosa. Ndinakoka lamba wa mpando uja, n'kumumanga pa mpando wopanda munthu. Phokoso linatha. Ndinapuma.

Nditayenda pang'ono ndinaponyako diso. Lamba akamangidwa pa mpando wopanda munthu amagona, amamatirira kunsana kwa mpando. Uyu sanagone. Anatukuka, kuchokera paphewa kutsika m'chiuno, monga amachitira pa munthu wochepa thupi. Zenera la mbali imeneyo linachita nthunzi pamalo amodzi, molingana ndi pakamwa pa munthu wokhala pansi. Nthunzi ija inkakula, n'kuchepa, n'kukulanso. Tsitsi linandiima.

Patsogolo pang'ono panali nyumba imodzi yokha m'mbali mwa msewu, ya geti lachitsulo. Pagetipo panaima mdala atanyamula nyali, ndipo atandiona anakweza dzanja. Pomwepo lamba uja anakokeka mwamphamvu, chogwirira chitseko n'kugwedera kawiri. Ine ndinati basi, ndanamizidwa kale pa siteji paja, sindiimanso. Ndinaponda mafuta. Pa galasi ndinaona nyali ya mdala uja ikutuluka mumsewu, ikunditsatira pang'ono, kenaka chifunga chinaimeza.

Sindikudziwa kuti mantha anatha nthawi yanji. Chimene ndikudziwa n'chakuti kwa nthawi yoyamba chimwalirireni mkazi wanga, ndinkayendetsa galimoto pali munthu pambali panga. Ndinamva mawu anga akutuluka okha.

"Akondakitala, ndinu?"

Nthunzi ija inangokula pa zenera. Kwa ine zinakwanira. Ndinayamba kuwafotokozera zonse: za mdzukulu wathu amene wayamba kuyenda, za denga la kukhitchini limene likudonthabe, za nkhuku zawo zimene ndinapatsa mlongo wawo chifukwa zinkandiyang'ana modandaula. Ndinawauza kuti malaya anga abuluu sindikuwapeza mpaka lero, anene kumene anawaika. Ndinalira, ndinaseka, msewu unafupika.

Nditafika kogona alendo ndinazimitsa injini koma lamba sindinamasule. Ndinkaopa kuti ndikamasula apita. Ndinavula jekete yanga n'kuifunditsa pampando paja, ndipo sinagwe pansi, inangokhala m'mwamba ngati yafunda mawondo. Ndinakiya galimoto. Usiku umenewo ndinagona tulo tabwino timene ndinali nditatiiwala.

M'mawa lamba anali chitukukire. Ndinawapatsa moni, n'kunyamuka nawo. Ndinawaonetsa nkhosa zija, ndinawaonetsa mlatho wamiyala, ndinagula tiyi makapu awiri, imodzi n'kuiika pambali pa giya mpaka inazizira. Ndikanama ndikati sindinaone chachilendo. Nthunzi ija sinkakhalanso kutsogolo kwa zenera, inkakhala cha kumbuyo, ngati munthu watembenuka akuyang'ana kumene tachokera. Ndikakhotera njira yotalikira kumsewu wa mitengo uja, lamba ankakungika mpaka kulira. Ndinaona, koma ndinasankha kusaona. Ndinkangoti amayiwa sanazolowere dziko lachilendo.

Tsiku lobweza galimoto litafika, ndinaimbira mwana wanga kuti akauze mtsikana wa pakauntala uja kuti ndiisungabe. Anandifunsa kuti mpaka liti. Ndinati sindikudziwa. Kenaka pakamwa panandipereka, ndinati amayi ako sanaone mbali ya kumapiri. Anangoti ndisachoke pamene ndilipo, ndipo masana omwewo anatsika sitima, yunifolomu ili m'kati mwa chikhoti.

Anandipeza ndili m'galimoto pabwalo la nyumba ya alendo. Nkhope yake inali ya kuntchito, ija amayankhulira odwala osokonezeka. Anandigwira pamphumi, anandifunsa ngati ndikumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, anati tipite kwa dokotala mnzake tikangocheza. Zinandipweteka. Ndinamuuza kuti asandiyeze ine, ayang'ane lamba.

Anazungulira, anatsegula chitseko, n'kulowetsa dzanja pakati pa lamba ndi mpando kuti andionetse kuti palibe kanthu. Analichotsa msangamsanga. Analiyang'ana, n'kulipisa m'khwapa. Munthu amene wagwira mitembo yosawerengeka pantchito yake, kuzizira kwa pamenepo sanakupirire.

Mayi wa nyumba ya alendo uja anali akuanika nsalu chapafupi. Ataona chitseko chotsegula ndi lamba womangidwa, anasiya nsalu m'beseni n'kubwera. Anavala magalasi ake, anayang'anitsitsa, n'kugwira pakamwa. Anafunsa mwana wanga funso lalifupi, ndipo mwana wanga anandifunsa ine ngati ndinaima pa kasiteji kakale ka mumsewu wa mitengo. Ndinavomera. Mayi uja anatikokera patali ndi galimoto, n'kuyamba kuyankhula motsitsa mawu, mwana wanga akumasulira.

Anati mdala wa nyumba ya geti lachitsulo anali wokonza njinga. Mkazi wake ankasoka zovala m'tauni, ndipo madzulo alionse ankatsika basi yaikulu pamphambano, n'kudikira pa kasiteji kaja kabasi kakang'ono kopita kwawo. Mwamuna ankamuchingamira pa geti ndi nyali. Tsiku lina la chisanu choopsa kabasi kaja sikanabwere. Mayiyo anadikira, anadikira, ndipo anthu anamupeza m'mawa atamwalira pabenchi, chikwama chili m'manja. Kuyambira pamenepo amakwera galimoto iliyonse imene yaima pamenepo madzulo. Anthu a m'deralo anazolowera. Amene akudutsa nthawi imeneyo amaima, amatsegula chitseko, galimoto imalira mpaka pa geti, amatsegulanso, mdala amalandira mkazi wake. Ndi kamtunda kochepa, phokoso amangolipirira. Lamba samanga, chifukwa mayiyo satha kumasula yekha.

Kenaka anawonjezera mawu amene mwana wanga anachedwa kuwamasulira. Chichokereni ine usiku uja, mdala uja sanalowe m'nyumba. Ali pa geti usana ndi usiku, m'chisanu chimenechi, chifuwa chikumulira. Anansi amubweretsera mabulangete ndi chakudya, koma kumusuntha alephera. Mudzi wonse ukufunsana kuti galimoto yotuwa imene inadutsa osaima ndi ya ndani.

Ndinapsa mtima, ndisabise. Ndinati zimenezo ndi nkhani zawo, ine sizikundikhudza. Ndinati ine ndakhala ndi mkazi wanga zaka zonsezi, ndingalephere kumuzindikira? Ndinati wawoyo akamufune kwina, uyu ndi wanga, wanditsatira kuwoloka nyanja chifukwa waona mmene ndikuvutikira. Ndinakalowa m'galimoto n'kugwira chiwongolero ndi manja onse awiri.

Mwana wanga anabwera n'kugwada pambali pa chitseko changa. Nkhope ya kuntchito ija inali itachoka. Anandigwira bondo monga ankachitira ali wamng'ono.

"Ababa, ndikufunseni chinthu chimodzi. Mwayenda nawo masiku onsewa, m'misewu yachilendo, mbali yolakwika ya msewu. Akudzudzulani kangati?"

Ndinayesa kuwerenga, osapeza ngakhale kamodzi, iye n'kufunsanso.

"Amayi akanatha kukhala chete nthawi yonseyi?"

Ndinaseka. Sindinafune, koma ndinaseka, chifukwa Akondakitala akanakhala atandiuza kale kuti tiyi uja ndawaikira shuga wochepa, ndipo jekete ndawafunditsayo ikununkha. Kuseka kuja kunasanduka kwina, ndinagwetsa mutu pachiwongolero, hutala n'kulira. Mwana wanga anandisiya ndilire mpaka ndinamaliza. Nditadzutsa mutu ndinayang'ana mpando uja, ndipo manyazi anandigwira. Ndinali nditasunga mkazi wa mwini, womangidwa, m'galimoto yokiya, n'kumamuuza za nkhuku.

Tinanyamuka dzuwa likupendeka. Mwana wanga anakhala kumbuyo, kuseri kwa mpando wanga, manja ali m'matumba. Titalowa mumsewu wa mitengo, chifunga chinali chitayamba kale. Nthunzi ya pa zenera inasunthira kutsogolo. Inkakula ndi kuchepa mofulumira, ngati munthu wothamanga. Lamba amene anakungika masiku onse aja anayamba kulefuka.

Nyali tinaionera patali. Mdala uja anali atakhala pampando umene anansi anamuikira, mabulangete mpaka m'makutu, anthu angapo ataima kumbuyo kwake. Ataona galimoto anadzuka. Wina anafuna kumugwira mkono, iye anakana. Anali wamng'ono kuposa mmene ndinamuonera usiku uja, maso ofiira. Dzanja sanakweze. Ndikuganiza kuti ankaopa kuti ndidutsanso.

Ndinaima pa geti penipeni, chitseko chikuyang'anizana ndi khomo, monga ndinkaimira ndikanyamula okalamba. Ndinatuluka, ndinazungulira, ndinatsegula. Ndinachotsa jekete yanga. Inali yozizira ngati yatuluka m'firiji. Ndinawerama kuti ndifike pa chomangira lamba, ndipo tsaya langa linadutsa pamalo ozizira, ndinamva mpweya wochepa pakhutu. Ndinavula chipewa.

"Pepani mayi. Ndakupitirizani pa siteji yanu. Chiyambireni ntchito sindinachitepo zimenezi."

Ndinadina. Lamba anabwerera m'malo mwake pang'onopang'ono. Galimoto inalira, ti, ti, kenaka inasiya. Kachithunzi kofiira kanazima. Mpando unafufuma pang'ono pamene panali pobonyoka.

Mdala uja anakankha geti n'kuligwira, ataima pambali, nyali ataitsitsa kuti iunike pansi. Ine sanandiyang'ane n'komwe. Anayamba kuyankhula, motsitsa, mawu akusasa. Chiyankhulo chake sindichimva, koma sindinafune womasulira. Anali kudandaula. Unali kuti, ndakudikira, taona mmene kwazizirira. Kenaka anatseka geti, n'kuyenda kulowera kunyumba pang'onopang'ono, atasiya mpata kudzanja lake lamanja, akulongololabe. Chitseko chinatsekeka. M'kati munayaka nyali. Anansi aja anatola mpando ndi mabulangete, mmodzi anandigwedezera mutu, n'kumwazikana mwakachetechete.

Ndinaima pamenepo ndi jekete m'manja. Mdala uja ndinamumvera chisoni, inde, koma ndinamuchitiranso nsanje yoopsa. Wake amabwera madzulo alionse.

Mwana wanga anafunsa ngati ndikufuna kuti ayendetse iye. Ndinakana. Ndinatembenuza galimoto, tinabwerera njira yomwe ija. Titayandikira kasiteji kaja ndinachepetsa liwiro, n'kuima. Panalibe munthu, benchi yokha. Ndinatambasula dzanja, ndinakankha chitseko cha kutsogolo, n'kudikira. Ndinaganiza kuti mwina, poti khomo la kwa akufa limatseguka pamalo amenewa, wina akhoza kumva kuti ndaima. Injini inkangolira pansipansi. Chifunga chinalowa, mphepo inalowa. Ndinayang'anitsitsa pamene pamayaka kachithunzi kaja mpaka maso anandiwawa. Sikanayake.

"Amayi ako sabwera, eti?" ndinatero.

"Sabwera, ababa."

Chimwalirireni, aka kanali koyamba kuti wina anene zimenezi ine n'kuvomera. Ndinamva dzanja lake likuchokera kumbuyo, likugwira phewa langa. Linali lofunda.

"Tsekani chitseko, mukuzizidwa," anatero. "Tiyeni kunyumba."

Ndinatseka.